Tisanamange Sanda ya Amayi

Ndinadzuka kusanache, ngati kutsamira khoma n'kutsinzina pang'ono kungatchedwe kugona. Amayi anali atamwalira dzulo lake dzuwa litapendeka, m'nyumba mwawo momwe, kumudzi kwathu kunyanja, kum'mawa kwa Khombedza. Ine ndinafika kuchokera ku Lilongwe kutada, ndinavula nsapato pakhomo, n'kukhala pamkeka pomwe ndinapeza mpata. Azimayi a kumzikiti anachezera kuimba motsitsa mawu, wina akatopa mnzake n'kulandira. Panja amuna anazungulira moto atafunda zitenje za akazi awo, chifukwa mwera unali utawomba masiku atatu osapuma, ndipo kuzizira kwake kunkalowa mpaka m'mafupa.

Chomwe chinandidzutsa si azana, kuitanira mapemphero kwa kumzikiti, ayi, koma foni yomwe inkanjenjemera pansi pa ntchafu yanga. Anali Yusufu, mlongo wanga wondiponda pamutu. Uthenga wake unali waufupi: "Achemwali, ndapota nanu. Asanamange sanda mundijambulire nkhope ya amayi. Chithunzi chimodzi chokha. Sindidzaonetsa munthu."

Tinabadwa awiri okha. Yusufu anapita ku Joni zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo mapepala ake anatha kalekale. Akatuluka m'dzikomo sangalowemonso, pomwe mkazi ndi ana ake ali komweko. Ngakhale akanati aike moyo pachiswe n'kunyamuka, basi imatenga masiku panjira, ndipo ife Asilamu sitigoneka maliro kudikira munthu wakutali. Amayi ankayenera kuikidwa tsiku lomwelo ikatha swala, mapemphero athu a masana. Akangomanga sanda, nsalu yoyera yomwe timakulungira malemu, nkhopeyo palibe amene adzaionenso.

Ndi pempho lakelo Yusufu sanalakwitse khomo. Ntchito yanga ndi yojambula nkhope za anthu. Sindijambula maukwati kapena misonkhano. Ndimapita komwe anthu amakhala ndi kugwira ntchito, n'kukhala nawo masiku angapo mpaka atasiya kundiona ngati mlendo. Ndajambula azimayi othyola tiyi ku Kenya, nkhalamba zokazinga khofi ku Itiyopiya, osoka maukonde ku Indiya omwe manja awo ndi ofanana ndendende ndi a asodzi a kwathu kuno. Zithunzi zanga zapachikidwa pamakoma m'mayiko omwe dzina loti Salima sanalimvepo. Koma mwa nkhope zonsezo, ya amayi anga munalibe.

Sikuti sindinayese. Nkhani yake inayamba ine ndili wakhanda. Kudoko kunabwera mzungu wina ndi kamera. Amayi ankayanika usipa pathandala, ine ndili kumsana, ndipo mphepo inali itawavula mpango. Munthuyo sanapereke moni, sanafunse dzina. Anangojambula n'kukwera galimoto yake. Patapita chaka ndi miyezi, mphunzitsi wina wa pasukulu ya kwathu anabwera ndi magazini ya kunja, akuganiza kuti wabweretsa nkhani yabwino. Munali amayi, tsamba lathunthu, tsitsi lili pamtunda, bulauzi itatsika paphewa. Magaziniyo inayenda m'manja mwa amuna onse a padoko isanawafike eni ake. Abambo, omwe anatisiya kale, anatha sabata osalankhula m'nyumba. Amayi anang'amba tsambalo n'kulisonkhezera pamoto, koma ankadziwa kuti ena ofanana nalo ali mbwee kwinako. Ankati, "Ine ndili pano, nkhope yanga ikuyenda yokha m'mayiko, mutu wosafunda, anthu akuiyang'ana uku akudya." Kuchokera pamenepo kamera sanafunenso kuiona.

Ndiye taganizani, mwana wa mayi ameneyo n'kudzasankha ntchito ya kamera. Ankandinena pagulu kuti, "Ndinkaopa fisi wa kutchire, osadziwa kuti wina ndamubereka kumsana." Kulikonse komwe ntchito yandifikitsa ndakhala ndikulifunafuna tsamba lija, m'nyumba zosungira mabuku akale ngakhale pa intaneti, koma sindinalipeze. Chithunzi chopanda dzina la munthu, chopanda dzina la mudzi, ungachifufuze bwanji? Amayi sindinawauzepo kuti ndimachisaka.

Lamulo langa loyamba pantchito ndinalitenga kwa iwo: sindijambula munthu ndisanamufunse, ndipo ndikafunsa ndimadikira yankho. Iwonso ndinkawafunsa ulendo uliwonse ndikabwera kumudzi, pa Idi, pamaukwati, ngakhale chaka chatha atayamba kudwala. Yankho silinkasintha: "Ukafuna kundiona, bwera udzandione." Yusufu akaimba foni ya vidiyo ine ndili nawo, amayi ankailanda n'kuikanikiza pakhutu, moti kwa zaka zonsezi mwana wawo wakhala akucheza ndi khutu. Chithunzi chokha chomwe chilipo ndi cha pachiphaso cha unzika, chomwe sakanatha kuchikana: chaching'ono, chotuwa, mpango utafika m'nsidze, milomo atailuma. Nditamutumizira Yusufu anati amenewo si amayi.

Ndinatuluka, ndinalambalala anthu ogona pakhonde, n'kukaima kuseri kwa bafa komwe foni imagwira bwino. Ndinamuimbira Yusufu n'kumuuza zomwe ankazidziwa kale, kuti amayi sankafuna. Iye anati, "Achemwali, ndikatsinzina kuti ndiwaone, sakubwera. Mawu awo ndikuwamva, koma nkhope yafufutika. Ana anga akadzandifunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, ndidzati chiyani?" Sindinamulonjeze, komanso sindinamukanize. Ndinangoti ndiona. Mutu waukulu sulewa nkhonya, koma m'mawa umenewo ndinalakalaka ndikanabadwa wachiwiri.

Kutayamba kuyera, amuna okakumba manda ananyamuka ndi makasu paphewa. Azimayi a m'mudzi anali atayala kale mafuwa kuseri kwa nyumba. Mphepo inkabalalitsa malawi, ndiye anaimika malata akale kuti atchinge moto. Utsi unkangozungulira pabwalo, moti sukanasiyanitsa wolira maliro ndi amene utsi wamulowa m'maso. Ena ankapeta mpunga, ena ankasankha nyemba, ena ankakangana motsitsa mawu za mphika womwe uyambe kuterekedwa. Nsomba kunalibe, chifukwa ndi mwera wotero palibe bwato lomwe linalowa m'madzi. Mwina n'chifukwa chake anthu anachuluka chomwecho: asodzi onse anali pamtunda.

Oyamba kufika anali a padoko, mapazi atayera ndi mchenga, n'kukhala pansi pa mtengo osalankhula zambiri. Kenako panaima lole la azimayi ogula usipa a ku Salima paboma, omwe amayi anachita nawo malonda zaka zambiri. Iwo anayambira kulira kumsewu. Achibale a ku Chitala anabwera pa njinga za kabaza atanyamula nkhuni ndi ufa. Aphunzitsi awiri ndi namwino mmodzi, Akhristu ochokera maboma akutali, anakhala kumapeto kwa mkeka, akuba maso kwa anzawo kuti adziwe nthawi yokweza manja popemphera.

Ndinachita manyazi ndi maso anga. Ntchito siichoka m'maso ngakhale pamaliro a mayi ako. Ndinaona nkhalamba ina ikuwerenga mikanda yopempherera, zala zikunjenjemera ndi kuzizira, ndipo mutu wanga unali utayeza kale pomwe ndikanaima. Mayi wina wondidziwa kuyambira ubwana anandigwira dzanja n'kunena, "Pepa, mwanawe. Chida chija lero wachisiya, eti? Wachita bwino." Ndinavomera ndi mutu. Kamera inalidi ku Lilongwe, koma foni inali m'chiuno, nditaikulunga m'mphepete mwa chitenje.

Dzuwa litakwera pang'ono, amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anandiitana kuti nthawi yosambitsa yakwana. Mkazi amasambitsidwa ndi akazi okhaokha. Tinalowa anayi: amayi aang'ono, azimayi awiri achikulire a kumzikiti omwe amadziwa ntchitoyi, ndi ine. Madzi anali ofunda, ndipo lubani ankafuka paphale pakona. Thupi limasambitsidwa litafundidwa nsalu, dzanja lokha ndi lomwe limalowa pansi pake, moti ngakhale pamenepo ulemu wa munthu suchoka. Ine ndinapatsidwa kapu yothirira madzi, kuyambira mbali ya kumanja, ndikauzidwa. Amayi anali atapepuka kwambiri. Powatembenuza ndinaika mphamvu zoyenera munthu yemwe ndinkamudziwa kale, ndipo ndinatsala pang'ono kuwagubuduza.

Tikuwapukuta, foni inanjenjemera m'chiuno mwanga. M'chipinda cha zii chotero inamveka ngati njuchi yolowa m'botolo. Achikulire aja sanadzutse maso. Amayi aang'ono anandiyang'ana, anayang'ana chiuno changa, n'kupitiriza kuluka tsitsi la akulu awo patatu monga mwa mwambo. Titawagoneka pasanda n'kuwaveka mpango woyera, nkhope yokha itatsala, amayi aang'ono anaimirira n'kuuza anzawo aja, "Tiyeni tikaone ngati zingwe zomangira azing'amba kale." Zingwezo zinali pomwepo pamkeka, tonse tikuziona. Atafika pakhomo anatembenuka n'kundinong'oneza, "Yusufu anandiimbira nanenso. Ine sindikuuza chochita. Mayiyu ndi wako, ndi wakenso."

Anatseka chitseko, ndinatsala ndekha ndi amayi. Dzuwa linkalowa pakazenera ka kum'mawa, litafewetsedwa ndi fumbi la mwera, n'kugwera patsaya lawo lamanzere. Kuwala kotero ndimatha masiku ndikukudikira ndikakhala kuntchito. Ndinatulutsa foni. Ndinagwada chakumapazi, kenako ndinasunthira kumbali, manja akudzichitira okha zomwe anazolowera. Nkhope yawo inakwana bwino pagalasi la foniyo: mutu wofunda monga ankafunira, milomo yomasuka, makwinya atasalala. Ndinadziuza kuti chomwe ankadana nacho ndi mutu wosafunda komanso maso a alendo, ndipo apa panalibe chilichonse mwa ziwirizi. Ndinadziuza kuti Yusufu ndi wamoyo, ndipo wamoyo ndi amene amamva kupweteka.

Chala chili pomwepo, pakamwa panga panatuluka funso lomwe ndafunsa anthu m'zinenero zomwe sindizidziwa n'komwe. "Amayi, ndikujambuleni?" Ndipo ndinadikira, monga ndimachitira nthawi zonse. Panja azimayi ankaimba, malata otchinga moto ankagogoda ndi mphepo. Yankho lawo ndinali nalo kale, ndipo sakanakhalanso ndi mpata wolisintha. Moyo wawo wonse ankatha kutembenuza nkhope, kutchinga ndi dzanja, kundikalipira. Tsiku limenelo sakanatha. Ndikanajambula, ndikanajambula chifukwa choti sangathenso kukana, ndipo sindikanasiyana ndi munthu wa padoko uja.

Ndinaika foni pamkeka, galasi likuyang'ana pansi. Nthawi yomwe inatsala ndinangowayang'ana. Ndinayamba pamphumi n'kumatsika pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi nkhope ya mlendo, ndipo ndinachita mantha kuona kuchuluka kwa zomwe sindinkazidziwa. Nsidze yakumanja inali ndi kampata kopanda tsitsi. Pansi pa diso lamanzere panali timadontho titatu takuda. M'mbali mwa maso munali mphini zakale zomwe zinali zitatsala pang'ono kufufutika. Zaka makumi anayi ndakhala mwana wawo, koma nkhope zomwe ndinkazidziwa bwino zinali za amayi a anthu ena. Ndinalira pamenepo, koyamba chifikireni pamaliropo.

Amayi aang'ono atalowanso anaona foni ili pansi, sanafunse kanthu. Tinaphimba nkhope, tinamanga zingwe kumapazi, pakati ndi kumutu. Mfundo ya kumutu ndinamanga ndine.

Kuyambira pamenepo foni sinapume, ndipo ine sindinaiyankhe. Sikuti ndinatanganidwa, ndinkachita mantha. Amuna analowa ndi jeneza, chonyamulira maliro cha kumzikiti, n'kuwatulutsa amayi atafundidwa nsalu yobiriwira. Amalume, monga mwini mbumba, analankhula mwachidule za matenda ndi kuthokoza onse obwera. Atafika potchula ana a malemu anati wamkazi ali pano, wamwamuna ali kutali koma mtima wake uli nafe. Ashehe anapempha kuti aliyense amene malemu anamulakwira akhululuke, ndipo gulu lonse linayankha pamodzi kuti takhululuka. Ndinayankha nawo, koma maganizo anga anali pa munthu yemwe sanali pabwalopo.

Itatha swala ya masana amuna anaima m'mizere pabwalo n'kuswalira maliro chiimirire. Kenako ananyamula. Jeneza silikhalitsa paphewa la munthu mmodzi. Aliyense amafuna kunyamulako, ndiye limayenda pamwamba pa mapewa, wina akasiyira mnzake n'kuthamangira kutsogolo kukalandiranso. Ankayenda mwachangu akubwereza La ilaha illallah, mikanjo yoyera ikukupiza ndi mphepo. Ife akazi sitipita kumanda. Tinawaperekeza mpaka pamtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo, n'kuima pomwepo.

Foni inanjenjemeranso, ndipo ulendo uno ndinayankha. Sindinalankhule, ndinangoikweza m'mwamba kuti Yusufu amve mawu a amuna aja akupita ndi amayi ake. Atazimiririka kuseri kwa migwalangwa ndinaiika pakhutu.

"Mwajambula?" anafunsa.

"Ayi."

"Anakuletsani?"

"Palibe anandiletsa. Anandisiya ndekha ndi iwo. Sindinajambule."

Ndinamumva akupuma. "Inu mwawaona, achemwali. Mwawasambitsa, mwawagwira. Nkhope za amayi a eni ake mwadzaza nazo dziko lonse. Ine mwandimana mmodzi yekhayo wanga." Anadula foni.

Sindinganame kuti mtima wanga unakhazikika. Mpaka lero, tsiku lina ndimadzuka ndikuona kuti ndinawalemekeza amayi, tsiku lina ndikuona kuti ndinamulanga mlongo wanga chifukwa cha lamulo langa la kuntchito. Masana amenewo ndinangokhala pamkeka ngati munthu wobwerekedwa.

Amuna anabwerako kumanda miyendo ili mbuu, anasamba m'manja, n'kudya mpunga wa nyemba m'magulumagulu. Anthu ankabwera kudzanditsanzika mmodzimmodzi, aliyense ndi kankhani kake. Wina anati malemu ankaonjezera dzanja lathunthu la usipa pamwamba pa mbale akaona kuti wogulayo ndi wamasiye. Wina anati anamukalipirapo padoko mpaka anthu kusonkhana, madzulo ake n'kumutumizira chinangwa. Amayi aang'ono anandibweretsera mbale n'kukhala pambali panga.

"Wamuuza?"

"Ndamuuza."

"Akulu anga anali ouma mutu, iwenso watengera komweko. Idya."

Lole la ku Salima linanyamuka, a ku Chitala anamangirira matumba opanda kanthu panjinga. Azimayi anatsuka miphika ndi mchenga, eni malata anatenga malata awo, ndipo pabwalo panatsala mafuwa ndi phulusa lomwe mphepo inkalimwaza.

Itatha swala ya magharibi, ya dzuwa litangolowa, m'nyumba munali zii. Achibale otsalira kudikira sadaka ya tsiku lachitatu anali atagwa kale ndi tulo pabalaza, ena osavula n'komwe mipango. Ndinalowa kuchipinda kwa amayi. Pansi panali pachinyezi, ndipo fungo la lubani linali lisanathe. Ndinakhala pabedi pawo n'kumuimbira Yusufu. Kawiri sanayankhe. Kachitatu anayankha.

Ndinati, "Usandikhululukire lero, palibe kanthu. Koma ndinawayang'ana, Yusufu. Ndinawayang'ana kuposa munthu aliyense yemwe ndinamujambulapo. Ndikuuze?"

Foni sanadule. Ndinayamba pamphumi. Ndinamuuza za mizere iwiri yomwe inatsalira pakati pa maso, ndi kampata ka pansidze yakumanja. Apa ndi pomwe analankhula.

"Inali mbedza yanga imeneyo. Ndinkaphunzira kuponya kuseri kwa nyumba, inu muli kusukulu yogonera konko. Amayi anauza abambo kuti akandidwa ndi mtengo."

Nkhani imeneyo ine sindinkaidziwa. Ndinapitiriza ndi timadontho ta pansi pa diso, masaya omwe anali atalowa m'kati, ndi chibwano chomwe iye anatengera. Nditafika patsitsi lomwe tinaluka, ndinati linali loyera lonse ngati thonje. 

"Lonse?"

"Lonse."

"Ndinawasiya alibe imvi ngakhale imodzi."

Ndinamumva akulira, ndipo ndinamusiya alire. Kenako anamina n'kunena kuti, "Dikirani kaye, achemwali. Musapitirize. Nditenge cholembera."

Ndinadikira. M'nyumba mwa amayi munkangomveka kupuma kwa anthu ogona. Pafoni ndinkamva mlongo wanga akutsegula madirowa m'chipinda chomwe sindinachionepo, akufunsa mwana wake komwe waika kope la kusukulu. Atabwerera anati, "Yambiraninso pamphumi. Muzinena pang'onopang'ono."